Ku Zanzibar pa basi: ana atatu, apongozi ndi ndalama za chipereganyu

Lamulungu usiku, Salima

Zikwama zatha kupakira, zilipo zinayi kuphatikizapo cha apongozi chomwe sindikudziwa muli chani koma chikulemera ngati muli njerwa. Mawa m'mamawa tikuuyamba wa ku Zanzibar. Eee Zanzibar yomweyo, ndipo musaganize kuti tatola chikwama penapake, tikupita pa basi amwene. Tilipo 6, ine, bambo a ana, mnyamata wathu wa zaka 14, mtsikana wa zaka 10, chitsiriza wa zaka 5 ndi apongozi. Nditafunsa mtengo wa ndege n'kuchulukitsa ka 6 ndinangotseka foni n'kukatereka madzi a nsima.

Ndalama zake ndi za chipereganyu, chaka ndi theka tikusonkha ndi amayi anzanga a ku madrasa, banki m'khonde ine ndinaikana chifukwa cha chiwongola dzanja chija. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 maloto a Durban tinawakwirira pomwepo. Komanso ine ndimafuna malo oti ndisamakhale ndikufunsa mbale iliyonse kuti nyamayi wazinga ndani, ana aone nyanja ya mchere, apongozi akamva azana adziwe kuti mzikiti uli pafupi. Tanzania sitifunika viza ife Amalawi, pasipoti basi. Koma dziwani kuti kuyambira October 2024 Zanzibar imafuna alendo akhale ndi inshuwalansi yawoyawo ya kumeneko, analengeza kuti ndi madola 44, ife talipiliratu pa intaneti ndipo mapepala ake ndasindikiza kawiri, ena ali mchikwama mwanga ena mwa bambo, sindikhulupilira foni ine.

Lolemba, Karonga

Tadutsa msewu wa m'mbali mwa nyanja, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay kenako Mzuzu komwe tinasintha galimoto. Pa Nkhotakota bambo anadzutsa mnyamata kuti aone, ati kuno nkomwe kunali a Jumbe, nkuyu womwe Livingstone anakumana nawo pansi pake ulipobe. Mwana anangotsegula diso limodzi n'kuti "tinaphunzira kale ku sukulu zimenezo adadi", n'kugonanso.

Ku Chiweta apongozi anagwira tasbihi mpaka titatsika phiri. Tafika kuno kutada, tagona pa resitihausi zipinda ziwiri, tadya mpunga wa kilombero ndi nsomba. Miyendo yatupa kale, tsiku loyamba lomweli.

Lachiwiri, Mbeya

Pa boda ya Songwe sipanavute, adinda mapasipoti, tawoloka mlatho wapansi, mbali inayo pa Kasumulu adindanso. Chovuta ndi anyamata osintha ndalama, amakuzungulira ngati ntchentche pa mango aliyense ndi mpukutu wake. Bambo anasintha zochepa zongofikira ku Mbeya ndipo anawerenga kawiri asanapereke zawo, muzitero ndithu. Simu kadi tagula pa shopu yeniyeni, amafuna pasipoti polembetsa.

Mukangowoloka wotchi muikankhe ola limodzi kutsogolo, Tanzania ili patsogolo pathu. Koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Anzathuwa ali ndi kawerengedwe kawo ka nthawi, tsiku amaliyamba dzuwa likamatuluka, ndiye 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja. Pogula matikiti a ku Dar mnyamata wa pa ofesi anati basi inyamuka "saa kumi na mbili", bambo ndi Chiswahili chawo cha pa msika anawerenga 12 n'kusangalala kuti tigona mpaka kukhuta. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Mzuzu wopita kukaoda katundu ku msika wa Kariakoo ku Dar, anati "achimwene imeneyo ndi 6 koloko m'mawa, mutsala". Mpaka pano tikuwaseka bambo.

Njira ya ku Tukuyu ndi yokongola, nthochi ndi tiyi ngati ku Thyolo, kukuzizira zedi kuno.

Za chakudya, chenjerani chigawo chino. Mukaona chikwangwani cholembedwa kitimoto dutsani, imeneyo ndi nkhumba. Ife tinafunsa mzikiti uli kuti, tinaswali Zuhuri ndi Asiri pamodzi poti ndife a paulendo, ndipo pafupi pomwepo panali kamalo kodyera ka Asilamu. Njira imeneyi siinandigwiritsepo mwala, pezani mzikiti chakudya chili pomwepo. Ana alawa chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira, chitsiriza akuti tizikapanga kunyumba tsiku lililonse.

Lachitatu, Dar es Salaam

Makilomita opitilira 800. Sindilemba zambiri, msana. Tanyamuka kusanache tafika usiku pa depoti ya Magufuli ku Mbezi. Mapiri a Kitonga amaposa Chiweta, koma chomwe ana sadzaiwala ndi pa Mikumi, msewu umadutsa mkati mwa nkhalango ya nyama ndiye taona akadyansonga, mbidzi ndi anyani tili pa mpando wa basi, ulere. Bambo akuti imeneyo tiilembe ngati safari, tisadzawavutitsenso.

Ena amakwera sitima ya TAZARA kuchokera ku Mbeya, ife masiku ake sanagwirizane ndi athu. Tagona dera la Kariakoo, kukutentha, azana ikumveka mbali zonse.

Lachinayi, Stone Town (tauni yakale ya ku Zanzibar)

Matikiti a boti gulani mkati mwa ofesi, pa windo, osati kwa anyamata omwe amakulandani chikwama musanatsike n'komwe mu bajaji. Wina anatilondola mpaka pa geti akulumbira kuti boti ladzaza koma iye ali ndi malo. Bodza. Alendo timalipira mtengo wokwera kuposa eni dziko, ndipo kunena zoona apa ndi pomwe ndalama yathu yalira kwambiri pa ulendo wonse, kuposa chakudya kuposa malo ogona.

Pamadzi ndi pafupifupi maola awiri. Miyezi ino kumawomba mphepo yomwe kuno amaitcha kusi, ndi mwera wathu yemweyu wangosintha dzina. Apongozi, omwe anakulira ku Makanjira ndipo amadzitama kuti bwato anayamba kukwera ali kumbuyo, anakhala bwinobwino akutafuna mtedza. Amene anagwira kapepala kosanzira ndi ine kkkk.

Pa doko amaonanso mapasipoti ngakhale ndi dziko lomwelo la Tanzania. Zanzibar ili ndi boma lake ndi pulezidenti wake, anaphatikizana ndi Tanganyika mu April 1964.

Tapeza kanyumba ka alendo dera la Malindi, chipinda chimodzi chachikulu cha banja ndi china cha apongozi ndi mtsikana, mulibe bala, padenga pali muvi woloza Qibla, komwe timayang'ana poswali, ndipo mkeka woswalira unali kale mu kabati osachita kupempha. Tinthu ting'onoting'ono koma mtima unakhala pansi. Timisewu ta kuno galimoto silowa, mukatambasula manja mumakhudza makoma onse awiri, ndipo tasochera katatu pofuna kungofika kunyanja. Zitseko zake ndiye eee, zamatabwa zosemedwa maluwa, zina zili ndi misomali ya mkuwa ikuluikulu, zina mawu a Qur'an pamwamba. Mtsikana wanga anaima pa china n'kuyamba kuwerenga, mkulu wina wokhala pa khonde anamuwongolera pomwe anaphonya kenako n'kumupatsa tende.

Madzulo tinapita ku Forodhani, paki ya m'mbali mwa nyanja komwe kukada amayala matebulo a zakudya. Anyamata amadumphira m'madzi kuchokera pa khoma, wathu uja anayamba kuvula nsapato ndinangomuyang'ana kamodzi. Tinadya urojo, msuzi wowawasa wothira mbatata, tizitumbuwa ndi dzira, ndi chomwe amati Zanzibar pizza, chomwe si pizza olo pang'ono koma chapati chokulungamo nyama ndi dzira. Madzi a nzimbe ofinya ndi ndimu ndi jinja. Funsani mtengo musanaloze chala, ndipo nsomba zoyalidwa zija ine sindinazikhulupilire, sizioneka kuti zavuulidwa lero. Chakudya chenicheni komanso chotchipa chili kuseri, cha ku msika wa Darajani komwe eni ake amadya pilau ndi biriyani.

Lachisanu, Stone Town

Lero ndilemba zambiri chifukwa tulo sitikubwera.

M'mawa tinayamba ndi Ngome Kongwe, linga lakale lomwe Aluya a ku Oman anamanga atathamangitsa Apwitikizi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Pafupi pake pali Beit al-Ajaib, nyumba yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pa chilumbachi. Mbali ina inagwa mu December 2020 ndiye sitinalowe, tangoionera panja. Wotiyendetsa anatiuzanso za nkhondo ya mu 1896, Angerezi anaphulitsa nyumba ya mfumu ndi mizinga ya pa sitima ndipo ola lisanakwane nkhondo yatha. Mnyamata wanga anafunsa kawiri ngati akunena zoona.

Bambo ndi mnyamata anakaswali Jumu'ah ku Malindi, mashopu ambiri anatseka nthawi imeneyo. Khutba, ulaliki uja, sanaimve yonse koma akuti mawu ambiri amangofanana ndi athu. Zoonadi, nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama, mbuzi ndi mbuzi, madzi amati maji, mvula amati mvua. Apongozi akumalankhula Chiyao chosakaniza ndi manja ndipo akugula zinthu motchipa kuposa ine.

Masana ndi pomwe tinapita ku Mkunazini, pomwe panali msika wa akapolo. Unatsekedwa mu 1873 ndipo pamalo pomwepo amishoni a UMCA, omwewa anamanga tchalitchi chachikulu cha pa Likoma, anamangapo tchalitchi cha Anglican. Apongozi anakana kaye, ati ine Msilamu ndikatani m'tchalitchi tsiku la Ijumaa. Bambo anawanyengerera, "amayi, sitikukapemphera, tikukaona pomwe anthu akwathu anadutsa". Analowa koma nkhope ili gwa.

Pansi pa nyumba ina pali tizipinda tiwiri, denga lotsika loti bambo anachita kuwerama, timawindo ngati ting'alu. Amati m'menemo ndi momwe amasungira anthu podikira msika. Tinalowa anthu 8 okha koma mpweya unali utachepa kale, chitsiriza anayamba kulira ndinatuluka naye. Panja pali dzenje, muli ziboliboli za anthu 5 omangidwa unyolo m'khosi. M'tchalitchimo muli kamtanda kopangidwa ndi mtengo wa ku Chitambo ku Zambia, pomwe anakwirira mtima wa Livingstone.

Koma chomwe chinatigwira ndi mapu a mu chipinda cha zithunzi. Mizere yochokera mkati mwa Africa kupita kunyanja, ndipo umodzi ukuyambira pa nyanja yathu yomwe, kuwoloka, kukafika ku Kilwa kenako kuno. Mnyamata uja anagona pa Nkhotakota Lolemba ndi amene anaika chala pa mapu n'kuti "adadi si paja tinadutsa paja apa?" Ndi pomwepo. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika pa Nkhotakota cha m'ma 1840, amawolotsa anthu ndi minyanga pa zombo, kuchoka apo wapansi miyezi mpaka kugombe. Wotiyendetsa atamva kuti ndife Amalawi anati kuno alipo mabanja omwe makolo awo ankatchedwa Wanyasa. Ife tadandaula masiku atatu pa basi ya mipando yofewa.

Ndiye mwana anafunsa funso lomwe ine ndimaliopa. Anati ku sukulu anatiuza kuti mafumu a Chiyao, a Makanjira, a Mponda, ankagulitsa nawo anthu, komanso Chisilamu chinabwera ndi amalonda omwewo, "ndiye ifeyo tinali mbali iti, ogulitsa kapena ogulitsidwa?" Bambo anayamba kukanda mutu. Ine ndimafuna ndinene kuti Chisilamu ndi china, zochita za anthu ndi zina, zomwe ndi zoona, koma pamalo pamene paja zikanamveka ngati ndikuthawa. Anayankha ndi apongozi, omwe sanalankhule chilowereni. Anati agogo awo aakazi sankadziwika kwawo, anabwera pa mudzi ali kamtsikana atagwidwa kutsidya, amene anawasunga ndi amene anadzawakwatira, ndipo mpaka kumwalira ankayimba nyimbo ina yomwe pamudzi panalibe woidziwa. "Ndiye iwe uli konsekonse," anatero, "magazi ako ali mbali zonse ziwiri." Bambo a ana, mwana wawo wobereka okha wa zaka 46, nkhani imeneyi amaimva koyamba lero.

Tisanatuluke apongozi anaima pa dzenje paja n'kukweza manja kupanga dua, m'bwalo la tchalitchi momwemo. Tonse tinaitikira amina. Pobwerera palibe amalankhula, mpaka chitsiriza anapempha ayisikilimu.

Loweruka, Jambiani

Takwera dala-dala, matola a kuno, pa Darajani, mtengo wake sufika olo theka la takisi koma mumakhala mothithikana ndi madengu ndi matumba a simenti. Tinasankha kum'mawa kuno osati Nungwi kapena Kendwa chifukwa anatiuza kuti kumpoto kuja n'kwa madansi a usiku ndipo ndi kodula. Jambiani ndi mudzi, mzikiti uli kuseri kwa nyumba yomwe tachita lendi, kanyumba ka zipinda ziwiri kokhala ndi khitchini. Apa ndi pomwe chinsinsi cha chikwama cha apongozi chaululika, ufa woyera, mthiko, ndi usipa wouma. Awoloka nazo maboda onse aja. Ndinawaseka ku Salima koma lero tadya nsima ndipo masiku atatu amenewa sitigula chakudya cha mu lesitilanti, tizingogula nsomba kwa asodzi ndi tomato pa kagolosale.

Mchenga wa kuno ndi woyera ngati ufa womwewo, maso amachita kuwawa. Ana anathamangira m'madzi ngati ali ku Senga Bay, chitsiriza anamwa kamodzi n'kutuluka akulavula, ati "amama wina wathiramo mchere". Ndiye masana madzi anathawa. Ndikunena zoona, nyanja inabwerera m'mbuyo mtunda wautali mpaka ngalawa zonse zinakhala pa mchenga, apongozi anaimilira n'kuyamba kuitana ana kuti tithawe, iwo zaka zonsezi nyanja yomwe akuidziwa siichoka pamalo. Mwini nyumba anaseka, ati zimachitika kawiri pa tsiku, ibwera yokha. Ndiye kuno kusamba mumayendera nthawi ya madzi osati ya wotchi. Muvalenso tinsapato, pansi pali tizilombo ta minga takuda.

Madzi akaphwa amayi a m'mudzi amalowa ndi zitenje zawo kukakolola mwani, ndere za m'nyanja zomwe amalima pa zingwe zomangilira pa timitengo, amaziyanika n'kugulitsa. Ndinakhala ndi mmodzi mwina ola lathunthu, iye Chiswahili ine Chichewa, ndinamuthandiza kumanga zingwe ziwiri molakwika iye n'kumasula mwaulemu.

Funso lomwe azimayi anzanga mwandifunsa kwambiri ku inbox, ndasamba bwanji. Ndasamba ndi diresi yaitali, thalauzi mkati ndi hijabu yanga, ndipo palibe anacheuka, amayi a kuno amalowa m'madzi chomwecho. Azungu a mabikini alipo cha ku mahotela, koma gombe ndi lalitali, mumangoyenda pang'ono mwapeza panu.

Lamulungu, Jambiani

Msodzi anabwera ndi pweza, chinyama cha miyendo 8 chija. Apongozi anati chimenecho m'poto mwanga ayi, sichingakhale halaal. Bambo anafotokoza kuti kwa ife a Shafi, otsatira chiphunzitso cha Imamu Shafi, za m'nyanja n'zololedwa ndipo anthu a kuno ambiri ndi a Shafi ngati ife tomwe, anakafunsanso kwa imamu atatha Zuhuri ndipo anavomereza. Mayi a mwini nyumba anatiphikira ndi nkaka wa kokonati. Ine ndadya, ndi chokoma ngati nthutumba ya nkhuku yofewa. Apongozi adya usipa wawo, ati halaal sikutanthauza kuti mpaka ndidye.

Masana tinachita hayala galimoto mogawana ndi banja lina la ku Mombasa kupita ku Kizimkazi, kumwera. Anthu amapitako kukaona ma dolphin, ife timafuna mzikiti wakale wa ku Dimbani. Ndi kamzikiti kakang'ono, kunja simungakaganizire kanthu, koma pa khoma la ku Qibla pali zolemba za Chiarabu zosema pa mwala za chaka cha 1107, ndipo anthu akuswaliramobe mpaka lero ngakhale nyumbayo inamangidwanso pambuyo pake. Mtsikana wanga anayesa kuwerenga analephera, zilembo zake ndi zamakedzana zokhala ngati timakona. Mnyamata anawerengetsa pa foni n'kuti zaka zoposa 900. Chichokereni ku Mkunazini mwana ameneyu akufunsa mafunso ngati loya, usiku ndinamumva pakhonde akuwapanikiza agogo ake kuti ayese kukumbuka nyimbo ija. Akuti akukumbuka mzere umodzi wokha.

Lachiwiri, Dar es Salaam

Dzulo sindinalembe, tinangokhala m'madzi tsiku lonse. Prison Island ya akamba akuluakulu ija taisiya, ma spice tour tawasiyanso, bajeti inakana ndipo sindikudandaula. Zonunkhiritsa tagula pa Darajani m'mawa uno, karafuu (ma cloves), sinamoni ndi za pilau, motchipa kuposa m'mashopu a alendo.

Boti la masana pobwerera ndiye linali loopsa kuposa lopita, kusi uja amabwera chakumaso, ngakhale bambo anakhala chete ngati ali pa maliro. Ngati mungathe kwerani la m'mawa.

Tawerengetsa ndalama pa bedi, zatsala zokwanira basi mpaka ku Salima, chakudya cha panjira, ndi ma buibui awiri, mikanjo ya amayi a Chisilamu ija, omwe ndaona ku Kariakoo, bambo sakudziwa. Tikiti ya ku Mbeya yalembedwa saa kumi na mbili ndipo alamu aitchera okha 4 koloko. Mnyamata wapempha kuti pobwerera titsike pa Nkhotakota olo ola limodzi akaone nkuyu uja, apongozi avomera kale ndiye ife tinganenenso chani. Chikwama chawo chikulemerabe, ufa unatha koma muli zigoba za nkhono ndi botolo la malita awiri la madzi a mchere, ati akakawauza anzawo ku Makanjira popanda umboni akawatsutsa.